Uphunzitsi Wanga wa ku Zobue ndi Zotsatira za a Batista

"Kupuma pa ntchito ndiye kuti chiyani, iwe? Anthu amapuma imvi zili mbuu. Iwe unathawa ndevu zisanamere n'komwe."

Awa ndi achemwali anga a Esinati, amene amagulitsa zitenje ku malire kuno ku Mwanza. Pakamwa pawo, ana anga, mukadzabadwa mudzapamva nokha. Ndinali nditangowauza kuti ndikulemba mbiri ya moyo wanga monga mphunzitsi wopuma.

"Achemwali, munthu akagwira ntchito kenako n'kusiya, kumeneko ndiye kupuma. Kaya zaka fote kaya miyezi seveni, kutopa kwake n'kumodzi."

"Nanga ana ukuwalemberawo ali kuti?"

"Akubwera. Mayi awo ndikuwafufuzabe."

"Ulembenso zimene unawachita bambo aja. Usalumphe."

Sindilumpha. Ndili ndi zaka naintini. Za ubwana wanga ku Kanduku sindinena, kunalibe chachilendo koma mbuzi ndi zitunda. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, imenenso pakadali pano ndi yomaliza.

Januwale

Mayeso a Fomu Folo ndinakhoza mwakuti boma linasowa kondiika, ndiye linangondisiya pakhomo. Masamu anandikana poyera, koma Chingerezi chokha ndinachibaya. Nditakhala miyezi ingapo ndikuthandiza achemwali kupinda zitenje, kunabwera kasitomala wawo wa ku Zobue, tsidya la Mozambique. Dzina lawo a Dona Selina, mayi wamagalasi, wosaseka zachisawawa. Anali ndi kasukulu kawo kophunzitsa akuluakulu Chingerezi, ndipo mphunzitsi wawo anali atapita ku Joni osatsanzika. Intaviyu inachitikira pomwepo pakati pa zitenje. Anati ndilankhule Chingerezi kwa mphindi zisanu. Ndinawathira nkhani ya kusintha kwa nyengo imene ndinaloweza kusukulu. Iwo anamvapo pang'ono, ine ndemwe sindinamvepo kanthu, ntchito n'kupezeka.

Kumudzi ndinauza aliyense, ndi agalu omwe, kuti ndikupita kunja. Ena anafunsa ngati ndikwera ndege ya ku Chileka. Sindinakane. Tsiku lonyamuka ndinagula mandasi atatu ku malire oti ndidye paulendo, ndinadinditsa mapepala, n'kukwera kabaza yamoto. Kunja ndinafikako ndikutafuna lachiwiri.

Malo ogona a Dona anandipezera kwa a Batista, bambo wa zaka za m'ma fifite amene amamata matayala m'mphepete mwa msewu, pamene pamaima mathiraki. Manja awo, ana anga, atakuwombani khofi mukhoza kudzukira ku Blantyre. Koma mawu awo anali ofewa ngati akulankhula m'tchalitchi. Anandionetsa kachipinda ka kuseri, mphasa yatsopano, ndi msomali wopachikapo zovala. Za lendi anakana kumva.

"Kwanu n'kuti kwenikweni, aphunzitsi?"

"Ku Kanduku."

"Nthawi ya nkhondo ine ndinathawira komweko, ndili kamnyamata, ndili ndekha. Mayi ena ake ananditola pachitsime. Anandisunga zaka zitatu osandifunsa kuti ndine wa yani. Ndiye inu mukagona m'nyumba muno, musamati ndikukuthandizani. Ndikubweza mbale."

Ine panthawiyo mutu unali pa netiweki. Ndinangoti zikomo, n'kufunsa kumene foni imagwira.

Febuluwale mpaka Meyi

Moyo wa kunja, ana anga, si masewera. Choyamba ndinakhala sabata yathunthu ndikuloweza Chipwitikizi, kufika pamsika n'kupeza kuti aliyense akulankhula Chichewa chonga chathu chomwechi, kungoti amathiramo Chinyungwe ndi Chipwitikizi ngati mchere. Ndinapatsa moni mayi wina wa tomato mu Chipwitikizi changa cha m'buku, iye n'kuyankha kuti, "Iwe si mlongo wake wa Esinati wa zitenje?" Ulemerero wanga unathera pomwepo.

Chachiwiri ndi chijasi. Kumeneko mphunzitsi salowa m'kalasi opanda chijasi choyera, amachitcha bata. Changa chinali cha mphunzitsi wothawa uja, yemwe ayenera kuti anali wamtali ngati mlongoti wa magetsi. Manja ndinkapinda katatu. Ndikamayenda chinkasesa msewu, moti a khonsolo akanayenera kumandithokoza. Ndinkaoneka ngati wa pabutchala, koma ndikangochivala, azibambo a msinkhu wa malume anga ankavula zipewa n'kumati, "Boa tarde, professor." Kwathu anthu omwewo akanandituma fodya. Mutu unakula, sindinama. Netiweki ya kwathu inkagwira pamwala wina kuseri kwa tchalitchi, ndiye tsiku lililonse ndinkakwera pamenepo ndi chijasi changa, kudzijambula, n'kuponya pa Facebook kuti moyo wa kunja ndi wovuta koma tikulimba.

Chakudya sichinandivute. M'mawa uliwonse a Batista ankapita okha kukagula buledi wa kumeneko, uja wolimba kunja wofewa mkati, n'kundiikira wanga pambale pakhomo pa kachipinda kanga. Akazi awo ankati ndikuonda. Ndinanenepa mpaka lamba anandidandaulira.

Sukulu yake inali chipinda chimodzi ndi kaofesi. Bolodi inali chitseko chakale chopaka utoto wakuda, chibowo cha loko chikadalipo, moti chiganizo chikatalika ndinkachilambalalitsa. Buku linali limodzi, lopanda chikuto, loyambira tsamba naini. Zimene zinali m'masamba oyambawo ndinkazipeka ndekha. Choko a Dona ankasunga m'chikwama chawo n'kumandipatsa kamodzikamodzi ngati mankhwala. Ndikapempha kena ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Mukulemba kapena mukudya?"

Kalasi inkayamba thu koloko masana. Ophunzira anga onse anali akuluakulu: amayi a geni opita ku Blantyre, anyamata othandiza madalaivala mapepala pamalire, ndi a Batista. Iwo ankakhala benchi yakumbuyo kwenikweni, pakona. Kutsogolo pakona ina kunkakhala Zito, mkamwini wawo, amene anakwatira mwana wawo wamkazi ndipo ankakhala pakhomo pomwepo. Munthu ndi mpongozi wake m'kalasi imodzi. Sankayang'anana. Ndikafunsa funso a Batista n'kumavutika, Zito ankagwetsa dala cholembera n'kumachifufuza pansi pa benchi mpaka yankho litapezeka. Ine ndinkaona ngati mnyamatayo ali ndi manja olobodoka. Ndinazindikira mochedwa.

Isanakwane thu, a Batista ankasamba m'manja ndi palafini ndi mchenga kuti asadetse kope. Kulemba kwawo kunali ngati kukhoma misomali. Ena akamaliza tsamba, iwo ali pamzere wachitatu, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina anthu atatuluka anatsalira.

"Aphunzitsi, musatope nane. Sukulu yanga yonse ndi zaka ziwiri, pansi pa mtengo, kwanu komweko. Kenako matayala."

"Nanga Chingerezi mukuchifuniranji, madala? Tayala silimva chilankhulo."

Anaseka. "Madalaivala a ku Zimbabwe ndi ku Joni amandilankhula ndi manja ngati ndine bubu. Komanso ndikufuna kamodzi m'moyo ndiyambe kalasi n'kuimaliza. Ndipachike pepala pakhoma. Mayi a kunyumbawa anauza kale mpingo wonse kuti amuna awo ndi shasha."

Ndipo ankayesetsa. Mu Epulo ndinawamva ndi makutu angawa akuuza dalaivala wina kuti, "Good morning, my friend. Which tyre?" Dalaivalayo atayankha, iwo anamva. Madzulo ake anandigulira fanta, n'kundifotokozera nkhaniyo kanayi, ngati ine panalibe.

Juni

Kosi yathu inali ya magawo awiri, ndipo gawo loyamba linkatha ndi mayeso. Nditachonga, Zito anali pamwamba. A Batista anali pansi penipeni, koma kunena zoona sanalephere moti n'kubwereza. A Dona anati apitirire gawo lachiwiri, pakamwa akutha, cholembera chidzawatsatira. Kenako kunagwa maliro kwawo kwa a Dona ku Tete. Akunyamuka anandipatsa makiyi.

"Zotsatira mulembe pa pauta," anatero, kutanthauza pepala la mayina ndi malikisi. "Mukhome mkati mwa ofesi. Aliyense azilowa yekha, aone, atuluke. Ndi mmene timachitira pano."

Ndinati chabwino. Koma mumtima ndinati anthu awa sadziwa kukoma kwa sukulu. Kwathu tsiku lotsekera ndi tsiku. Makolo amadzaza pabwalo, aphunzitsi amaitana mayina kuyambira nambala wani kutsika, nthungululu, kufupa, fumbi. Ine nditakhala nambala wani mu Sitandade Sikisi mayi anga anavina mpaka chitenje chinatsala m'manja mwa anzawo. Ndipo kumapeto kumakhala kuja timakudikira tonse, pamene aphunzitsi amatchula wotsiriza ndi kanthabwala, bwalo lonse n'kufa nako kuseka, mwanayo n'kuthawira kuseri kwa kalasi, mawa lake ali pampira waiwala. Ndinkafuna Mozambique yonse ione mmene timatsekera sukulu ku Malawi. Ndinkafunanso, ndisaname, kuima kutsogolo ndi chijasi changa, maikolofoni ili m'manja, wina akundijambula.

Nditauza kalasi kuti aitane mabanja awo, amene anasangalala kwambiri anali a Batista. Anabwereka sipika kwa mnzawo wa bala. Ananyamula okha mabenchi a kutchalitchi, awiriawiri paphewa. Akazi awo anaphika mpunga ndi nkhuku, n'kuitana amayi anzawo a kwaya. Ine ndikuona zonsezi, pepala lili m'thumba, ndikudziwa bwinobwino dzina limene lili pansi. Apa ndiye pamene achemwali amati ndisalumphe. Sindinaiwale, sindinasokoneze mapepala. Ndinkadziwa. Ndinakhala masiku awiri ndikukonza nthabwala yake, n'kumadziseka ndekha m'kachipinda kamene anandipatsa.

Linali Loweruka masana, kunja kukuzizira, ka mphepo ka Juni kaja. Anthu anadzaza. A Batista anavala jekete la suti limene sindinalionepo, akazi awo pambali, mwana wawo wamkazi ndi khanda kumbuyo. Ndinayamba ndi mawu otsegulira amene anatenga pafupifupi chaka. Kenako ndinati, "Nambala wani, Zito!" Amayi a kwaya sankadziwa mwambowu koma anaugwira msanga, nthungululu zinalira. Zito anabwera, anatenga pepala lake akumwetulira. Nambala thu, nambala fili. Zinkayenda bwino. Koma tikutsika, nthungululu zinayamba kuchepa. Anthu anayamba kuwerenga amene atsala. Zito kumwetulira kunatha, anayamba kundiyang'ana n'kumapukusa mutu pang'onopang'ono. Ine ndinkati akusilira luso langa.

Atatsala munthu mmodzi ndinakweza mawu.

"Ndipo tsopano, thiraki imene yafika pomaliza, matayala onse ataphwa, ndi ya a Batista. Amata a anthu ena, awo aiwala."

Anyamata awiri kumbuyo anaseka, kenako anazindikira kuti akuseka okha, n'kusiya. Sipika inkangolira mluzu. Akazi a a Batista anayang'ana pansi n'kuyamba kukonza mpango umene unali bwinobwino. Zito anapinda pepala lake la nambala wani kawiri, kanayi, n'kulibisa m'thumba la kumbuyo.

Mwana wa Sitandade Sikisi amathawira kuseri kwa kalasi. Bambo wa zidzukulu, mkamwini ali pomwepo, athawira kuti? A Batista anaimirira, poti aliyense woitanidwa ankaimirira. Anamanga batani la jekete. Anayenda kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, ndipo ulendo umenewo, ana anga, unali wautali kuposa wanga wonse wa kunja. Analandira pepala ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono.

"Thank you, teacher," anatero. Sanalakwitse liwu ndi limodzi lomwe.

Mpunga unadyedwa mwakachetechete ngati pamaliro. Anthu atabalalika, a Batista anavula jekete n'kuyamba kubweza mabenchi kutchalitchi. Nditati ndigwire mbali imodzi anati, "Ayi, aphunzitsi, mudetsa bata."

Julayi

A Dona anabwera nkhani ataimva kale, chifukwa inawachingamira ku Tete komweko. Sanakalipe. Anavula magalasi, ndipo aka kanali koyamba kuona maso awo opanda galasi.

"Ndinati mukhome kuti?"

"Mu ofesi. Koma kwathu timatere, Dona. Zimalimbikitsa."

"Kwanu mumatero ndi ana. Munthu wamkulu akabwera kudzakhala pabenchi, wavula kale ulemu wake n'kukusungitsani. Inu mwakaugulitsa pamsika. Bambo amene uja ndinamunyengerera zaka ziwiri kuti alowe muno."

Gawo lachiwiri litayamba, pakona yakumbuyo panalibe munthu. Pakona yakutsogolo panalibenso. Zito ndinakumana naye pamalire, n'kumufunsa kuti nanga shasha wanga bwanji. Anati, "Aphunzitsi, ine ndizidutsa ndi kope pakhomo pa apongozi anga, iwo ali pamatayala? Mwanditsekera ndi ine ndemwe." Amayi awiri a geni anasiyanso, ati sakufuna kudzalengezedwa pa sipika mu Disembala.

Kunyumba ndiye kunali kovuta, chifukwa sikunasinthe kalikonse. Akanandithamangitsa bwenzi zili bwino. Akananditukwana bwenzi ndikugona tulo. Koma m'mawa uliwonse buledi ali pambale pakhomo panga. "Bom dia, professor. Mwadzuka bwanji?" Katatu konse ndinapita pamatayala kuti ndikapepese. Ulendo woyamba tinakamba za kuzizira. Wachiwiri za mpira. Wachitatu ndinalimba mtima pang'ono.

"Madala, kalasi yayamba. Malo anu alipo."

"Matayala achuluka masiku ano, aphunzitsi."

Msewu unali mbee, thiraki ndi imodzi yomwe panalibe. Pambali pawo panali kope lija. Anali atayamba kung'ambamo masamba n'kumakulungira timavavu ta machubu. Ndinaona tsamba lina la zilembo zawo zokhoma ngati misomali zija, lodetsedwa ndi girisi. Ine amene ndimatha kulankhula maola atatu osameza malovu, ndinangotsanzika n'kuchokapo.

Nditawafotokozera a Dona anati, "Kupepesa kwa pamatayala, muli awiri, sikukwana. Munawavula pamaso pa akazi awo ndi mkamwini wawo. Mukawavekenso pamaso pa anthu omwewo. Muvule bata, mukhale pansi pakhonde ngati mwana wa m'nyumbamo, munene. Ntchito sindikuchotsani. Koma zimenezi sindingakuchitireni."

Ndinati ndipita Lamulungu. Malamulungu anadutsa atatu.

Ogasiti

Apa ndiye panali chiganizo chachikulu cha ntchito yanga yonse. Kukhala pansi pakhonde, Zito akuonerera, amayi aja akuonerera, ine professor wa pa Facebook n'kunena kuti ndinalakwa, ndine mwana. Kapena kuchoka. Kuchokera pakachipinda kanga kufika pakhondepo panali mapazi khumi. Kufika ku Kanduku ndi mapiri ndi malire a mayiko awiri. Ndinasankha kufupi, ku Kanduku.

A Batista ndi akazi awo ndinawauza kuti mayi anga adwala mwakayakaya, andiitana. Mayi anga tsiku limenelo anali kudimba akuthirira mpiru, amphamvu kuposa ine. A Batista anasiya tayala lili pakati, anasamba m'manja, n'kundinyamulira chikwama mpaka pokwerera kabaza. Akazi awo anandipatsa botolo la uchi, ati odwala azithira m'phala. A Batista anaika buledi anayi m'jumbo n'kumangirira okha kumbuyo kwa njinga.

"Mukawapatse moni mayi. Muwauze kuti mwana wawo wa ku Zobue akuwapempherera. Akachira mubwere, chipinda sitiikamo munthu."

Ndinati ndibwera sabata yamawa. Chijasi ndinachisiya pamsomali. A Dona ndinawatumizira uthenga ndili kale mbali ya kuno, iwo anangoyankha kuti, "Ndamva." Uchi uja mayi anadya, akufunsa kuti anthu abwino chotere ndawasiyiranji. Achemwali okha ndi amene ndinawauza zoona, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanandipatsepo mpata wopuma.

Panopa

Ndabwerera kopinda zitenje. Mapiri a ku Zobue ndimawaona tsiku lililonse ndikaima pamalire. Anthu amapita m'mawa kukagula buledi n'kubwerako tiyi asanazizire, koma ine dziko limenelo landitalikira kuposa Amereka. Ndikaona thiraki ikuchokera uko ndimayang'ana matayala ake.

Ana anga, bambo anu ndimakokomeza zinthu, aliyense adzakuuzani. Koma ichi chokha sindikuwonjezera. Munthu uja ankafuna kumaliza kalasi imodzi m'moyo wake, ndipo akanaimaliza. Amene anamuimitsa si nkhondo ulendo uno, si matayala. Ndi mwana wa ku Kanduku, kumudzi kumene anamutola pachitsime, atavala chijasi cha eni ake.

Mutu umenewu ndinauponya pa Facebook dzulo, poti inu mukuchedwa kubadwa. Anthu aikapo timitima ndi tinkhope tolira. Wina wati ndilembe buku. Koma mnzanga Mada, amene tinkakhala benchi imodzi ku sekondale ndipo pano amayendetsa kabaza pakati pa malire ndi Zobue, wayankha chonchi:

"Aise, walemba bwino, koma madala amenewo sali pa Facebook. Lachiwiri ndinakapopetsa tayala kwa iwo. Anandifunsa ngati mayi ako anachira. Mawa ndikudutsanso pomwepo seveni koloko, ndipo kumbuyo kwa njinga kulibe munthu. Ndikawayankhe ine, kapena ukawayankha wekha?"